Dulani Nthochi, Lole Ikubwera

Ndinabadwira m'komboni ya esiteti ya tiyi ku Chipinge. Agogo anga anachokera ku Mulanje akutsata tiyi yemweyo, ndipo m'nyumba mwathu tinkalankhula Chinyanja, koma tikangotuluka pakhomo pakamwa pankatembenukira ku Chindau. Ukwati ndi umene unanditengera ku chigwa cha Honde, kumene ndinaphunziranso Chimanyika, n'kuyamba kuthyola tiyi pa esiteti ina ya m'chigwamo monga momwe amayi ankachitira ku Chipinge. Dengu kumsana, manja onse awiri pamwamba pa tiyi, nkhungu ikuyenda m'mizere ngati nayonso yalembedwa ntchito. Ndinkaganiza kuti ndidzakalambira momwemo.

Kenaka zinthu zinasokonekera m'dziko. Malipiro a pamwezi ankatha mphamvu tisanafike nawo kusitolo, ndipo m'sitolomo tinkangopezamo mashelefu okhaokha. Amuna anga anaoloka kupita ku Joni kukafuna ganyu, n'kundisiya ndi ana awiri. Ine ndinasiya dengu, n'kupita kukakhala kwa atsibweni anga, mchimwene wa amayi, amene anali ndi kamunda ka nthochi cha ku Mandeya, kwawo kwa malemu akazi awo.

Atsibweniwo anagwira ukapitawo pa esiteti zaka zambiri asanapume. Chigwa chonse chinkawatchula kuti Sekuru, dzina laulemu la bambo wachikulire m'Chimanyika, ine ndekha ndiye ndinkati atsibweni, ndipo iwo ankanditchula kuti muzukuru, monga momwe Amanyika amatchulira mwana wa mlongo wawo. Anali munthu wamtali, wowonda, wa chipewa cha kaki chimene ankachivula m'tchalitchi ndi pamaliro pokha. Pa esiteti ntchito yawo yaikulu inali kuuza khamu zochita. M'mawa uliwonse ankakwera pa ngolo ya thirakitala n'kulengeza munda wokathyola tsikulo, m'Chimanyika kaye kenaka m'Chinyanja, anthu n'kumwazikana aliyense akudziwa kolowera.

Nthochi ku Honde zinalipo zambiri, ngakhale m'zaka za njalazo. Chosowa chinali wogula. Mikoko inkapsera m'munda, mbalame ndi apusi n'kumadyerera, pamene ku Mutare anthu ankalimbirana phava limodzi.

Tsiku lina atsibweni anapita ku katauni ka Hauna kukasula khasu, n'kubwerako ndi mlendo. Anali bambo wonenepa wa ku Mutare, mwini lole yakale yobiriwira. Atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mapeyala, anafotokoza vuto lake. Dizilo ankamupeza mwa apo ndi apo, osadziwa kuti apezeka liti. Akamupeza, ankafunika kubwera nthawi yomweyo, kudzaza lole tsiku limodzi, n'kubwerera. Koma alimi anali omwazikana m'mapiri, wina tsidya lino la mtsinje wina tsidya lilo, ndipo akafika mosawadziwitsa ankatha tsiku lonse akuliza hutala pamsewu, lole n'kubwerera theka.

"Sekuru, ndikufuna munthu woti ndikamuimbira foni, chigwa chonse chimve," anatero. "Ine ndizibweretsa mchere, sopo ndi mafuta ophikira zochokera ku Mozambiki. Alimi azitenga zimenezo, ine ndizitenga nthochi. Inunso gawo lanu lizikhalapo."

Atsibweni anandiyang'ana. Ine ndinali ndi foni ya m'manja imene amuna anga ananditumizira kuchokera ku Joni, yaing'ono yakuda, yomangidwa ndi mphira kumsana kuti batire isagwe. Masiku amenewo foni inali chinthu chosowa m'midzi yathu. Netiweki inkagwira pamwala wina waukulu kuseri kwa munda wathu, ndipo pokatchaja ndinkapita kwa mwini sitolo wina amene anali ndi batire ya galimoto.

"Foni ilipo, pakamwa palipo," atsibweni anayankha. "Tiyesa."

Poyamba tinayenda wapansi kukafuna anthu oti azitilandirira uthenga. Dera lililonse atsibweni ankafuna munthu mmodzi wokhala ndi foni, koma foni yokha sinkawakwanira. Panali mnyamata wina wa foni yokongola amene anamukana chifukwa ankakonda kukometsa nkhani. "Ameneyu ukamuuza kuti lole, iye akanena kuti malole," anandinong'oneza titachoka pakhomo pake. Tinatenga mayi wina mphunzitsi wa sukulu ya kumtunda, namwino wa pachipatala chaching'ono, mwini chigayo, mkulu wa mpingo wina, ndi ena otero. Atsibweni ankawatchula kuti makutu athu. Ine ndinkalemba uthenga umodzi n'kutumiza kwa onsewo, iwo n'kukaufalitsa ndi pakamwa kuchigayo, pamjigo, kudibi ndi kudzera mwa ana a sukulu.

Uthenga wanga woyamba ndinaulemba ngati kalata yopita kwa apongozi. Ndinayamba ndi moni, ndinafunsa za moyo, ndinafotokoza za bambo wa lole, za mchere ndi sopo, n'kumalizira ndi madalitso. Tili pamwala paja, atsibweni anati ndiwawerengere. Anamvetsera mpaka kumapeto akukanda chibwano.

"Muzukuru, mawu onsewa anyamula ndani kukafika nawo kuchigayo?"

"Koma atsibweni, munthu ungangoyamba nkhani osapereka moni?"

"Moni tikapatsana pamsewu, tikugwirana chanza. Tamvera. Ukamalankhula ndi munthu mmodzi, akapanda kumva amakufunsa. Khamu silifunsa. Limangonyamuka kukachita zimene likuganiza kuti wanena."

Anandiuza za tsiku lina ali kapitawo, pamene analengeza nkhani ziwiri nthawi imodzi, ya munda wokathyola ndi ya ufa umene unafika kusitolo ya esiteti. Theka la anthu linangomva za ufa, ndipo m'mawa wonsewo tiyi anathyola ndi nkhalamba zokhazokha.

"Chotsa mchere, chotsa sopo. Ukatchula mchere, abwera manjamanja kudzaona mchere. Nena kuti ndiwe ndani, nena chimene chikubwera, nena chimene achite. Basi."

Ndinafufuta monyinyirika. Unatsala uthenga wa mizere itatu m'Chimanyika, wonena kuti ndine muzukuru wa Sekuru kapitawo, lole ikubwera mawa, dulani nthochi mubweretse pamsewu. Kwa akuluakulu a mtundu wathu, amene Chimanyika chinkawavuta, atsibweni ankapita okha kukawauza m'Chinyanja, ndipo kumeneko ndiye ankakhalitsa, akukumbutsana za m'makomboni akale.

Ulendo woyamba uja lole inadzaza dzuwa lisanafike pamutu. Sindidzaiwala momwe njira za m'mapiri zinaonekera m'mawa umenewo, amayi akutsika mondondozana, mikoko pamutu, ana akukankha mawilibala, ngolo za ng'ombe zikulira matayala. Bambo wa lole ankangoseka, thukuta lili kamukamu. Madzulo ake m'nyumba zambiri munamveka fungo la ndiwo zothira mafuta, lomwe ana ena anali ataliiwala.

Zinayenda choncho kwa miyezi ingapo. Ine chinthucho chinandikomera, ndipo ndinkafuna kutumiza uthenga sabata iliyonse, ngakhale wongonena kuti lole sinapezebe dizilo. Atsibweni ankandiletsa. Ankati chitsulo cha pakomboni chikamalira pafupipafupi, anthu amayamba kuchiyesa mbalame. Ankakananso kuti nditumize uthenga bambo wa lole akangoti mwina abwera. "Mwina sadulira nthochi," ankatero. Tinkadikira mpaka atanena kuti dizilo ali m'thanki.

Tsoka linatigwera nthawi ya dzinja. Bambo wa lole anaimba Lolemba masana kuti afika Lachiwiri. Ndinakwera pamwala n'kutumiza uthenga wathu wa masiku onse, wakuti lole ikubwera mawa. Lachiwiri lole inabweradi, inadzaza, inapita. Tinaona kuti anthu a kumtunda, a dera la mphunzitsi uja, sanatsike, koma tinangoti mwina mvula yawononga njira kapena kuli maliro.

Lachinayi m'mawa tikupalira m'munda, mayi wina wogulitsa tomato anaima panjira.

"Sekuru, mukadali kuno? Anthu a kumtunda atsika kalekale ndi nthochi, akudikira lole pamsewu."

Atsibweni anasiya khasu lili chiimire m'nthaka. Tinathamanga osasamba n'komwe m'manja.

Pamsewu, pansi pa mitengo ya bulugamu, mikoko inali itaunjikidwa mulu ndi mulu, yobiriwira, utomoni ukadali kudontha podulapo. Anthu anakhala pa nkhata zawo akuyang'ana kumene lole inkatulukira. Mphunzitsi uja anali pomwepo, ndipo atationa nkhope zathu anadziwa kuti china chalakwika. Anatulutsa foni yake n'kundionetsa. Foniyo inali itazima kuyambira Lamulungu chifukwa cha batire, ndipo amuna ake anakaitchajitsa ku Hauna Lachitatu. Atangoiyatsa uthenga wanga unalowa, wonena kuti mawa. Iye anauza ana a sukulu, ana anakauza makolo, phiri lonse linadzuka ndi zikwanje. Palibe mwa ife amene ankadziwa kuti uthenga ungagone m'njira n'kudzafika ngati watsopano.

Ndinathamangira pamalo okwera n'kuimbira bambo wa lole. Anati ali pamzere wa dizilo ku Mutare, ndipo sabata imeneyo sangabwerenso ngakhale atafuna. Nditabwerera ndi yankho limenelo, phokoso linabuka. Amayi ena anayamba kulira. Nthochi yodula siibwerera pamtengo, ndipo ambiri anali atadula zonse zokhwima, chakudya ndi chuma cha mwezi wonse.

Bambo wina wamtali wandevu anaimirira, chikwanje chili m'manja, n'kuloza atsibweni.

"Ndinanena ine kuti tisamamvere anthu obwera! Munthu wopanda mudzi wake alibe chimene angataye. Lero onani!"

Mawu amenewo tinali titawamvapo kuyambira tili ana, koma tsiku limenelo anandilasa kwambiri. Ndinafuna kuyankha kuti wolakwa ndi foni ya mphunzitsi, kuti ife tinatumiza pa nthawi yake. Atsibweni anandigwira mkono. Anayenda mpaka pakati pa anthu, n'kuvula chipewa.

"Abale anga, mawu amene anakudulitsani nthochi ndi athu," anatero m'Chimanyika, mosakweza mawu. "Aphunzitsi sanalakwe. Ana sanalakwe. Inu simunalakwe, munachita zimene tinapangana. Uthenga ndi mwana, ngakhale atasochera m'njira mwini wake ndi amene anamutuma. Lole sibwera. Sindikunamizani kuti mwina ibwera madzulo. Koma ndipatseni mpaka dzuwa lipendeke, musanyamule nthochizi kubwerera nazo kumtunda."

"Muchita nazo chiyani?" anafunsa mayi wina wamasiye, amene mulu wake unali waukulu kuposa ya anzake.

"Sindikudziwa ngati zitheka, mayi. Ndikukayesa."

Anandisiya pamenepo kuti anthu asaganize kuti tathawa, iwo n'kuuyamba ulendo wa ku esiteti kumene ankagwira ntchito kale, mtunda wautali ndithu kwa munthu wa msinkhu wawo. Maola amenewo anali aatali kwa ine. Ndinakhala pambali pa mphunzitsi, anthu akutiyang'ana cham'mbali. Mayi wamasiye uja ndi amene anathyola chinangwa chake chophika n'kundigawira.

Zimene zinachitika ku esiteti ndinazimva pambuyo pake. Atsibweni anakapeza kapitawo wa nthawi imeneyo, munthu amene iwo anamuphunzitsa ntchito, n'kumupempha kuti anthu akaweruka awalole kuimba chitsulo cha pakomboni. Kapitawoyo anakapempha kuofesi, ndipo analoledwa. M'komboni njala inali yoopsa kuposa m'midzi, chifukwa anthu ake analibe minda, ankangodalira malipiro amene sankagula kanthu. Chitsulo chitalira, anthu anatuluka, n'kudabwa kuona kapitawo wawo wakale ataima pa chitsa. Akuti ananena mawu ochepa okha, m'zilankhulo zonse ziwiri: nthochi zili pamsewu wa ku Mandeya, lero lokha, bwerani ndi chilichonse chimene mungasinthanitse.

Dzuwa litapendeka tinaona mzere wa anthu ukutsika kuchokera ku minda ya tiyi, madengu othyolera ali kumsana, atsibweni ali patsogolo akutsimphina. Anthuwo anabwera ndi masamba a tiyi amene ankalandira kufakitale, mitolo ya nkhuni, parafini wa m'mabotolo a mankhwala, zidutswa za sopo, malaya a ana amene anawachepera, singano, machesi, ngakhale nkhuku. Msika unayambika pompo popanda woulamula. Chimanyika, Chindau ndi Chinyanja zinasakanikirana, anthu akunenerera, ena akuseka. Ndinakumana ndi azimayi amene ndinkathyola nawo tiyi, tinakumbatirana, n'kuyamba kufunsana za ana pakati pa mikoko ya nthochi. Mayi wamasiye uja anapeza jombo za mphira, tiyi wambiri ndi tambala, ndipo jombozo anazivalira pomwepo. Madengu amene moyo wanga wonse ndinkawaona atadzaza masamba anabwerera kumtunda atadzaza nthochi zosapsa, zokaphika ndi mchere.

Sikuti zonse zinatha. Milu ina inatsala, ina inanyamulidwa mawa lake kupita ku Hauna kumene inagulidwa motchipa, ina inapsa n'kuolera pomwepo mpaka eni nkhumba anadzaitola. Anthu anataya ndithu. Bambo wandevu uja sanatigulitsenso nthochi. Akakumana ndi atsibweni panjira ankapereka moni mwaulemu, koma mikoko yake ankapita nayo yekha kumsika pa njinga mpaka zaka zonsezo zinatha. Atsibweni anatenga gawo lathu la mchere ndi mafuta la ulendo wotsatira n'kukaligawa kumtunda, ndipo kwathu tinadya ndiwo zopanda mafuta mwezi umenewo.

Mapazi awo anatupa chifukwa cha ulendo uja, ndipo atakhala pakhonde, miyendo ili m'beseni la madzi ofunda, tinakambirana zoti tisinthe.

"Mawu oti mawa tawaika m'manda," anatero. "Mawa ndi la munthu amene mukuonana maso ndi maso. Pafoni uzilemba dzina la tsiku ndi deti yake."

"Nanga foni ikazimanso, tidzadziwa bwanji kuti sanamve?"

Anaganiza pang'ono. "Pa esiteti ndikalengeza, ndinkayang'ana nkhope. Apa nkhope sitikuziona. Aliyense wolandira aziyankha, ngakhale liwu limodzi."

Kuyankha kunkadya mayunitsi, ndipo sitikanawasenzetsa anthu mtolo umenewo. Tinagwirizana kuti azingoliza foni yanga kamodzi n'kudula. Ndinkakhala pamwala paja ndikudikira kulira kwa aliyense. Amene sanalize, ndinkadziwa kuti uthenga sunamupeze, ndipo ndinkanyamuka wapansi kukamuuza. Tinayambanso kutumiza mauthenga awiri. Woyamba unkati konzekani, musadule. Wachiwiri, wakuti dulani, unkapita pokhapokha bambo wa lole akanena kuti wanyamuka. Ndipo ulendo ukalephereka, tinkanena msanga, osadikira kuti anthu adziwire pamsewu.

Maulendo apansi amenewo ndi amene ndimawakumbukira kwambiri lero. Ndinadziwa njira zonse za ku Mandeya, podutsa mtsinje madzi akachuluka, khomo la agalu olusa, khomo limene sungadutse osamwa maheu. Ndinkafika thukuta lokhalokha, n'kuima pabwalo, anthu n'kuyamba kuitanizana kuti muzukuru wa Sekuru wabwera. Pobwerera mtanga wanga unkakhala ndi chinanazi, koko amene kuno amati madumbe, kapena nzimbe zimene sindinapemphe. Ine amene ndinakulira m'komboni, m'nyumba za kampani zofanana zonse, ndinayamba kumva kuti chigwachi ndi kwathu.

Anthu ataona kuti mawu athu amafika paliponse, ena anafuna kukwera nawo. Wogulitsa kaunjika wina wa ku Hauna anabwera ndi shuga m'manja, kupempha kuti timupatse manambala a makutu athu, kapena tizitchula malonda ake kumapeto kwa uthenga. Shugayo ndinamuyang'ana ndi mtima wonse, poti ana anga anali atatha miyezi akumwa tiyi wopanda kanthu. Atsibweni anamubwezera.

"Manambalawa si anga, ndinabwereka," anamuuza. "Eni ake anandipatsa chifukwa cha nthochi. Mukawafuna, pitani mukawapemphe nokha."

Mbusa wina anafunanso kuti tilengeze chitsitsimutso cha mpingo wake, ndipo naye anakanidwa mwaulemu womwewo, ngakhale atsibweni anapita kukapemphera nawo tsikulo. Ankati munthu akaona nambala yathu azidziwa asanawerenge kuti ndi za lole. Tinkasamalanso masiku a anthu. Alimi ambiri anali a mipingo ya Apostoli, ndipo tsiku lawo lopembedza sitinkatumiza uthenga wa malonda kapena kuitanitsa lole.

Namwino uja tsiku lina anandiitana pambali n'kundiuza mwamanyazi kuti sangapitirize. Foni yake inkafunika pa odwala, ndipo anthu ankabwera kuchipatala kudzafunsa za nthochi iye ali ndi mayi woyembekezera. Ine ndinkafuna kumunyengerera chifukwa dera lake linalibe foni ina. Atsibweni anati ndichotse nambala yake tsiku lomwelo, ndipo anamutumizira mkoko wabwino womuthokoza. Dera limenelo ndinkaliyendera wapansi mpaka tinapeza wina.

Chaka china kunachitika zisankho zowawa, ndipo kutumiza uthenga kwa anthu ambiri kunasanduka chinthu choopsa. Aliyense wosonkhanitsa anthu ankakayikiridwa. Atsibweni anandiletsa kulemba mawu oti msonkhano, sonkhanani, ngakhale oti tikumane. Tsiku lina ndikuchokera kotchajitsa foni, anyamata a ndale ananditsekera njira pamlatho. Mmodzi anati amva kuti ndine amene ndimatumiza mauthenga chigwa chonse, ndipo analanda foni n'kuyamba kuwerenga. Ine ndinangoima pambali ndikumuyang'ana. Anawerenga umodzi umodzi, onse ofanana, konzekani, dulani, lole yalephera, dulani. Anafufuza mpaka anatopa.

"Nthochi zokhazokha?" anafunsa.

"Nthochi zokhazokha, achimwene."

Anandibwezera foni. Nditayenda pang'ono, mmodzi wa iwo ananditsatira n'kundifunsa motsitsa mawu ngati lole ingamafike kufupi ndi kwa amayi ake, chifukwa msana unkawavuta. Ndinamuuza kuti azidzawanyamulira yekha, ndipo ulendo wotsatira ndinamuonadi pamsewu ali ndi mkoko paphewa, maso ali pansi.

Ndalama zakunja zitayamba kugwira ntchito m'dziko, zinthu zinasintha mofulumira. Masitolo anadzaza, dizilo anapezeka, ndipo malole ogula nthochi anachuluka, ena ochokera ku Harare. Mafoni anatchipa, pafupifupi khomo lililonse linakhala ndi yake, ndipo mlimi ankatha kuimbira wogula yekha. Bambo wa lole yobiriwira anabwera kudzatsanzika, anati wapeza ntchito yonyamula matabwa kufupi ndi kwawo. Anawasiyira atsibweni jekete lachikopa limene linali lalikulu kwambiri pa thupi lawo, koma ankalivala Lamulungu lililonse, manja atapinda.

Ntchito yathu inatha choncho, popanda mkangano. Amuna anga anabwerako ku Joni, tinamanga nyumba yathu pafupi ndi ya atsibweni, ndipo ine ndinatsegula kagolosale pamsewu. Lero foni yanga imalira usana wonse, magulu a mpingo, a sukulu, a ogulitsa ndi ogula, aliyense kutumiza chilichonse kwa aliyense, ndipo zambiri ndimazifufuta osawerenga.

Atsibweni ataona kuti apuma kachiwiri, anati akufuna kukaona ku Mulanje, kumene anachoka ali pamsana pa amayi awo. Tinawaperekeza ku Hauna, anakwera basi ya ku Mutare atanyamula thumba la mapeyala oti akapatse abale amene sankawadziwa nkhope. Ena ankati sabweranso. Anakhalako nyengo imodzi ya mvula, ndipo tsiku lina masana ndinangowaona akutsika kombi patsogolo pa golosale yanga, atanenepako pang'ono.

Anakhala pa benchi, ndinawapatsa madzi, n'kuwafunsa za kumudzi. Anati phirilo ndi lalikuludi monga ankanenera agogo, ndipo tiyi wake amafika mpaka m'tsinde mwake. Anapeza manda a agogo awo ndi msuweni mmodzi wokalamba amene analira atamva dzina la amayi awo. Anawalandira bwino, anawaphera mbuzi, koma ana akumeneko ankaseka Chinyanja chawo, ankati amalankhula ngati wailesi yakale.

"Ndiye bwanji simunakhale, atsibweni?"

"Ndinakhala, muzukuru, mpaka ndinakhuta. Koma m'mawa ndikadzuka ndinkangoganiza kuti mphukira za nthochi zanga palibe akuzipatulira."

Anamaliza madzi, anafunsa ngati mbuzi yawo yaikazi inaswa, ndipo nditawauza kuti inaswa awiri ananyamuka kuti akaone. Ndinatseka golosale, n'kuwanyamulira chikwama mpaka kunyumba.